Madola Mazana Asanu

Mayi Dubreuil, ogulitsa nyumba, anavula nsapato pakhomo
chifukwa cha chipale chofewa,
nayenda ndi masokosi chipinda ndi chipinda, mphuno ili m'mwamba.
Khitchini musaigumule, anatero, ndalama yake sidzabwerera.
Penti. Mababu owala. Mpopi uwo usiye kulira.
Zithunzi zonse zitsike pakhoma:
wogula akalowa azidziona yekha,
osati bambo anu atanyamula nsomba.

Ine ndi Reijo tinasonkha madola mazana asanu,
iye atatu, ine awiri,
ndipo sanachedwe kundikumbutsa.

Pachitini cha penti analembapo dzina lokoma, mkaka wa m'mawa,
koma ndi woyera basi,
ngati doko la Thunder Bay mu Febuluwale.
Khoma la pabalaza linali litachita chikasu
ndi fodya wa zaka makumi anayi.
Koyamba linamwa penti osathokoza.
Kachiwiri linagonja.
Pomwe pankakhala wotchi panatsala bwalo lotuwa
londiyang'ana mpaka ulendo wachitatu.

Mpopi unkangofuna kalabala ka masenti makumi asanu ndi atatu.
Bambo anausiya ukudontha chimwalirire amayi,
ankati umawachezetsa usiku.
Reijo anaumanga mphindi zisanu.
Nyumba yonse inangoti zii.
Tinaima, sipanala ili m'manja,
ngati anthu opha chinthu mosadziwa.

Kapeti tinangokoka pakona kuti tione.
Pansi pake, matabwa abwinobwino,
chuma chomwe tinakula tikuchipondaponda.
Makina opalira tinabwereka tsiku limodzi,
madola makumi asanu ndi limodzi,
fumbi tinamina mpaka Lachitatu.

Zogwirira makabati khumi ndi ziwiri, zatsopano, zonyezimira.
Zakale ndinataya,
kupatula cha kabati ya khofi
chomwe chala chawo chachikulu chinachidya mpaka kusalala.
Chili m'thumba la jekete yanga. Sindikudziwa ndichita nacho chiyani.

Kunja kuzizira kunatikaniza penti.
Tinangofosholo kanjira, kugula chopondera chatsopano,
ndi kuwongola nambala seveni
yomwe inapendekeka ine ndili kusekondale.

Mkangano unabuka m'chipinda chapansi, pa sauna.
Mayi Dubreuil anati tiitche mosungira katundu,
ogula a masiku ano amaopa chinyontho.
Reijo anati aitche okha, iye pakamwa pake sipatuluka zimenezo.
Tinakwecha mabenchi ndi viniga, basi.
Koma kuseri kwa chitseko chake
bambo analemba ndi pensulo, chaka ndi chaka,
tsiku lomwe madzi oundana anasweka padoko,
zombo za tirigu n'kuyambanso kulowa.
Mzere wautali, manambala opendekera kumanzere,
otsiriza akunjenjemera.
Ndinaviika bulashi.
Sirkka, anatero Reijo, penti watha.
Chitini chinali pakati, tonse tikuchiona.
Eya, ndinatero, wathadi.

Usiku wa Lachisanu tinayala malisiti pa matabwa atsopano aja.
Mazana anayi makumi asanu ndi awiri mphambu imodzi.
Zotsalazo tinagula khofi ndi mabanzi a sinamoni,
n'kudyera pansi, poti mipando inapita kale,
mawu athu akubwerera kuchokera m'makoma
ngati tili m'nyumba ya eni.

Loweruka tinakhala m'galimoto tsidya la msewu, injini ikulira,
tikuwerenga olowa. Mabanja asanu ndi awiri.
Pazenera la kukhitchini ndinaona mtsikana woyembekezera
akutsegula mpopi, n'kutseka,
n'kuweramitsa mutu kumvetsera.
Anaitana mwamuna wake ndi dzanja.
Pakamwa pake ndinawerenga: sudontha.

Reijo anapukuta nthunzi pagalasi ndi mkono wa juzi.
Masenti makumi asanu ndi atatu, anatero,
ndipo ndinalipira ndine.